Masiku 30 sachedwa kutha ku Joni

Palibe chinthu chimanditopetsa kuno ku Johannesburg ngati ulendo wokadinditsa pasipoti. Mmalawi akalowa mu South Africa amapatsidwa masiku 30 okha. Mwezi ndi chiyani kwa munthu amene akusaka ndalama ya sukulu ya ana? Ukangoyamba kuzolowerana ndi abwana, tsiku lija layandikira kale.

Ndiye uyambe kupempha tchuthi, malipiro a masikuwo adulidwe, ugule tikiti ya basi, ugone pampando usiku wonse mpaka ku Beitbridge, pachipata cha South Africa ndi Zimbabwe, kuti ukatuluke n'kulowanso ndi masiku atsopano. Kumeneko mzere wake suoneka kothera. Dzuwa la ku Musina, tauni ya pafupi ndi chipatacho, likuwotcha pamutu, miyendo yatupa, amayi ena mwana ali kumsana akulira, pasipoti yanyowa ndi thukuta m'manja. Ndipo ukafika pazenera sudziwa kuti akupatsa masiku angati, mwina ochepa osakwana n'komwe kubweza ndalama ya basi.

Ena amati bwanji osangotenga viza yogwirira ntchito? Abale inu, chiyambire malamulo a 2014, munthu amene analowa ngati mlendo sangasinthe viza ali konkuno. Ayenera kubwerera kumudzi, kudutsa Zimbabwe ndi Tete, n'kukadikira yankho. Ndi bwana uti angakusungire malo nthawi yonseyo?

Ukati ungokhala, nawonso ndi mavuto. Ukapitiriza ndi masiku ochepa amakuletsa kulowanso kwa chaka, ukapitiriza ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Lendi ya chipinda siidikira, ndipo kumudzi akuimba foni kufunsa za feteleza.