Bango la ku Joni silofanana ndi la kwathu

Abale anga a ku Joni kuno, Loweruka ndinadutsa m'mbali mwa dambo la Klip River, kumunsi kwa Soweto, ndipo ndinaona amayi ena akuthirira mpiru ndi madzi a m'menemo. Ndikuwamvetsa. Ife tikaona bango ndi njedza mtima umakhala pansi, timakumbuka ku Chilwa. Koma dambo lija lakhala likumeza zochokera m'migodi ya golide kwa zaka zoposa 100.

Chiyambireni kukumba golide kuno mu 1886, miyala ya pyrite (yonyezimira ngati golide, yokhala ndi chitsulo ndi salufa) yakhala ikufukulidwa, ndipo ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chitsulo, manganizi, ngakhale yureniyamu. Mu 2002 madzi otere anasefukira pamtunda cha ku Krugersdorp, kumadzulo kwa Joni, ali psuu ngati dzimbiri. Lero ku Germiston ndi ku Springs, kum'mawa kwa Joni, kuli malo akuluakulu oyeretsera madziwa pothira laimu, koma amadya magetsi ndi ndalama usana ndi usiku.

Maganizo anga ndi akuti mafakitale ang'onoang'ono ndi migodi yosiyidwa ikhale ndi madambo okumba dala oyeretsera madzi ake. Si nthano ayi, zimagwira ntchito. Amakumba maiwe osazama, pansi n'kuyala dongo kapena pulasitiki kuti madzi asalowerere m'nthaka, kenako miyala ya laimu, manyowa ndi utuchi, pamwamba n'kudzala bango. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, chitsulo chimachita dzimbiri n'kudikha. Pansi penipeni, pomwe mpweya sufika, mabakiteriya amadya manyowa aja n'kutulutsa salifaidi, mankhwala a salufa, yemwe amamanga zinki ndi kopa kuti zisayendenso ndi madzi. Ambiri amayesa kuti bango ndi lomwe limamwa poizoni yense, pomwe ilo limangotengako pang'ono. Ntchito yaikulu imachitika m'thope.

Thopelo ndi lomwe likundisowetsa mtendere. Zitsulo siziola ngati masamba. Zimangounjikana m'menemo chaka ndi chaka, ndipo dambo likauma, kapena wina akaliotcha m'chilimwe monga timachitira kwathu, zimatha kumasukanso mvula yoyamba ikagwa. Madzi akachuluka kapena asidi akanyanya, dambo lokha silingakwanitse, ndiye makina a ku Germiston aja sitingawataye.

Choncho fakitale ikapatsidwa chilolezo chokumba dambo lotere, papepala lomwelo palembedwe amene adzafukule thope, liti, ndi kokalitaya. Pakhale mpanda, kuti ng'ombe zisadyeko ndi ana asasambemo. Pakhalenso zikwangwani m'zilankhulo zomwe anthu oyandikira amalankhula, chifukwa ena mwa okhala m'mbali mwa mitsinjeyi ndi ife obwera, osaka malo otsika mtengo.

Amayi aja sindinawalankhule, ndipo zandikhala pamtima sabata yonseyi. Loweruka likubwerali ndibwererako, ndikawafotokozere za thope lija mwaulemu. Ngati alipo wa ku Soweto kapena ku Lenasia wodziwa bwino Chizulu kapena Chisutu, chonde tipitire limodzi.