Za mtsinje wa Corentyne: tsidya la Angelezi ndi tsidya la Adatchi

Sabata yatha tikucheza, mnzanga wina ananena motsindika kuti Angelezi, ngakhale anali atsamunda, anaphunzitsa maiko awo kulemekeza voti kuposa azungu ena onse. Mawu amenewa andikhala pamtima mpaka lero. Kulemekeza voti? Afunseni anthu a ku Guyana.

Pa 27 Epulo 1953, ku British Guiana (Guyana ya lero, ku South America) munthu wamkulu aliyense anavota koyamba, wodula nzimbe ndi wolima mpunga yemwe. Chipani cha People's Progressive Party (PPP) cha Cheddi Jagan, dokotala wa mano, ndi Forbes Burnham chinatenga mipando 18 mwa 24. Anapambana masanasana. Patangotha masiku 133, boma la Churchill linatumiza asilikali pa sitima zankhondo n'kuimitsa malamulo oyendetsera dzikolo, ati Jagan ndi wachikomyunizimu. Chaka chotsatira anamutsekera m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Musaiwale kuti ndi 1953 yomweyo pamene ife kuno ankatikakamiza chitaganya tikukana.

Tsopano wolokani mtsinje wa Corentyne mufike ku Suriname, dziko loyandikana nalo lomwe linkalamulidwa ndi Adatchi. Kumeneko aliyense anavota mu 1949, ndipo mu 1954 Adatchi anawapatsa ufulu woyendetsa okha nkhani za m'dziko mwawo. Johan Pengel wa anthu akuda ndi Jagernath Lachmon wa amwenye anagwirana manja zaka zambiri. Palibe sitima inabwera kudzafufuta chisankho.

Ndivomere, Adatchi sanali angelo. Magawo ovotera a 1949 ankakondera a mu likulu la Paramaribo, ndipo dzikolo litalandira ufulu mu 1975, msilikali Desi Bouterse analanda boma mu 1980, anthu 15 n'kuphedwa ku linga la Fort Zeelandia mu 1982. Zimenezo sindikubisa.

Koma za ku Guyana zimandiwawa mwapadera chifukwa sizinachitike kamodzi. Jagan anapambananso mu 1957, anapambananso mu 1961. Angelezi ataona kuti munthuyu sagonja pa bokosi, anasintha kagawidwe ka mipando. Mu 1964 PPP inapezabe mavoti ambiri kuposa chipani chilichonse, koma boma linapita kwa Burnham, yemwe anali atapatukana ndi Jagan, mothandizana ndi Peter D'Aguiar, mtsogoleri wa chipani china. Burnham analandira ufulu mu 1966 n'kukhala pampando mpaka imfa yake mu 1985, zisankho zikuberedwa anthu akuona.

Jagan anadikira mpaka 1992 kuti akhale pulezidenti wa dziko lomwe linamusankha ali ndi zaka 35. Apa n'kuti ali nkhalamba ya zaka 74.