Boiler ikazima, si zonse zoti tizikonza tokha

Abale anga okhala kuno ku Britain, kuzizira kwayamba ndipo m'magulu athu a WhatsApp mwayambanso mafunso aja: "Boiler yanga yazima, ndani angandiwonere motchipa?" Ndilankhulepo, chifukwa nkhaniyi imandidetsa nkhawa kwambiri.

Zambiri zozimitsa boiler, makina aja otenthetsa madzi ndi m'nyumba, sizifuna mmisiri ayi. Ngati muli pa mita yolipiriratu, mwina gasi wangotha basi. Mwina mabatire a thermostat, kachipangizo kosankhira katenthedwe ka m'nyumba, afooka. Yang'ananinso kawotchi kali kutsogolo kwa boiler: ikakhala yozizira, singano yake izikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ikatsika kwambiri, boiler imakana kuyaka. Kunsi kwa boiler zambiri kumakhala kapayipi kopindika kooneka ngati siliva. Tsegulani timipopi take pang'onopang'ono, muzimva madzi akulowa, singano ikayandikira 1.5 tsekani zonse. Radiator ikamatentha m'munsi mokha koma m'mwamba muli zii, ndiye kuti mwalowa mpweya. Potokolani pang'ono kampopi ka m'mwamba mwa radiator ndi kakiyi kake, mpweya uti fyuu, madzi akangoyamba kudontha tsekani.

Palinso payipi yoyera yapulasitiki yotulutsa madzi kunja kwa nyumba. Kukazizira koopsa madzi amaundana m'menemo, boiler n'kudzizimitsa yokha. Amene munali kuno kumayambiriro kwa 2018, nthawi ya chisanu choopsa chotchedwa Beast from the East, mukukumbukira kuti nyumba zambirimbiri zinazizira chifukwa cha kapayipi komweka. Thirani madzi ofunda, osati owira, papayipiyo, kenako dinani batani la reset pa boiler. Zimenezi aliyense aphunzire, amayi ndi abambo omwe.

Koma kumasula chivundikiro n'kumagwiragwira zam'kati, apo ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Ngakhale achimwene a kutchalitchi amene "amadziwa zamagetsi" asakhudze. Lamulo la kuno limati wogwira ntchito ya gasi akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi. Mmisiri weniweni amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, ndipo kuseri kwake kumalembedwa ntchito zimene amaloledwa kugwira. Mufunseni alionetse, si mwano.

Chimene ndikuopa ine ndi carbon monoxide, mpweya wakupha. Tonse tinakula tikumva za mabanja amene analowetsa mbaula m'nyumba mu June, n'kutseka mawindo, kutacha osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo. Sununkha, suoneka. Gasi akapanda kuyaka bwino, kapena utsi ukamabwerera m'nyumba chifukwa wina sanabwezeretse bwino chivundikiro, mumayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Munthu wochokera ku night shift amangoti ndi kutopa, n'kukagona. Mutu ukamasiya mukatuluka panja, n'kuyambiranso mukalowa, tulukani nonse msanga ndi ana omwe. Moto wa gasi uzikhala wabuluu. Ukakhala wachikasu, kapena mukaona mwaye pakhoma pafupi ndi boiler, zimitsani.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta. Lendi ikudikira, kumudzi akudikira fizi. Komatu ambiri a ife tikuchita lendi, ndipo kukonza boiler ndi udindo wa mwini nyumba, osati wanu. Iye ayenera kuitana mmisiri wa Gas Safe chaka chilichonse kudzayendera zipangizo za gasi, n'kukupatsani pepala lake pasanathe masiku 28. Ku England, kuyambira pa 1 October 2022, ayeneranso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boiler. Zimandipweteka kuona anzathu akugona ndi majekete sabata yathunthu, kapena kuitana munthu wongophunzirira pa YouTube, chifukwa choopa kuvutitsa landilodi. Mulembereni uthenga lero lomwe, ndipo muusunge.

Mukamva fungo la gasi, musayatse kapena kuzimitsa magetsi, tsegulani mawindo, tsekani gasi pa mita, mutuluke, muimbe 0800 111 999. Nambalayi ndi yaulere ndipo amayankha usana ndi usiku.