Chisanu n'chimodzi, koma ana a tsidya la msewu amachidyerera kuposa athu

Amene munadutsapo msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti pali malo amene msewuwo ndiwo malire. Ukaima pa Lizulu kugula kabichi ndi mbatatesi, dzanja ili ndi Malawi, dzanja ilo ndi Mozambique. Mphepo ya mu Juni sifunsa chiphaso. Imamenya ana a mbali zonse mofanana: milomo kung'aluka, miyendo mbuu ngati agwa m'phulusa, mamina osauma. Ngakhale chiperoni chimene anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje amalira nacho chinatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komweko.

Ine abale anga anamwazika. Azakhali ali ku Ulongwe m'boma la Angónia, alamu anga ali ku Chipata, mchemwali wanga ali ku Joni. Ndiye ikafika miyezi yozizirayi, gulu lathu la pa WhatsApp limadzaza zithunzi za ana, ndipo chaka ndi chaka ndimaona chinthu chimodzi: ana a anzathu ali ndi kenakake kodikirira m'chisanu. Athu amangodikirira kuti kufunde.

Ndiyambe ndi a ku Mozambique, poti ndi amene anandichititsa nsanje. Kumeneko pa 1 Juni ndi tsiku la ana, ndipo ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi amalitchula m'Chipwitikizi bwinobwino: Um de Junho. Tsikuli linagwirizanidwa ku Moscow mu 1949, n'chifukwa chake linazika mizu m'mayiko amene ankayenda ndi a Soviet, ndipo Mozambique atalandira ufulu pa 25 Juni 1975 analitenga ndi manja awiri. Samora Machel ankati ana ndi maluwa osafota, ndipo mawu amenewa amabwerezedwa mpaka lero tsikuli likafika. Si holide ya boma. Akuluakulu amapita kuntchito, ana amapita kusukulu, koma osati kukaphunzira.

Chaka china ndinagona kwa azakhali pa 31 Meyi, nditapita kukatenga nyemba. M'nyumba munalibe mtendere. Kamdzukulu kawo ka zaka 7 kanakhala pansi kuyambira masana kakulukidwa tsitsi, kosalira n'komwe, pomwe masiku onse chipeso chikangoyandikira amamva ndi a nyumba yachitatu. Nkhuku inaphedwa madzulo. M'mamawa kusanache azakhali anali kale pamoto, mpunga uku, mbatatesi zokazinga uku, zonse n'kulowa m'kakontena ka chivindikiro chofiira, pambali kabotolo ka chakumwa. Mwana uja anatuluka wopanda yunifolomu, wopanda kope, atavala diresi imene inkasungidwa m'sutikesi kuyambira Khirisimasi, pamwamba juzi poti kunja kunali nkhungu yoti suona mnzako. Kusukulu anakalumikiza madesiki, kuimba, kuvina, kenako aliyense kutsegula chake. Basi. Palibe tenti, palibe mlendo wolemekezeka wodikiridwa mpaka 2 koloko.

Sindikunena kuti zonse n'zokoma. Azakhali okha anandiuza kuti, "Mwanawe, tsiku limeneli limaulula nyumba. Wina amatsegula nkhuku, wina chinangwa chophika, ndipo wachinangwayo amakadyera kuseri kwa kalasi." Alipo makolo amene amakongola kuti mwana asachite manyazi, alipo amene amangomuuza mwana kuti lero usapite. Chilema chimenechi n'chachikulu ndithu. Komabe mwana wa ku Ulongwe ukamufunsa mu Epulo kuti tsiku lako n'liti, akuyankha osaganiza. Tamufunsani wa ku Lizulu, mbali yathu ino.

Kwathu kuno tili ndi 16 Juni, Tsiku la Mwana wa mu Africa, limene bungwe la OAU linakhazikitsa mu 1991 pokumbukira ana asukulu amene anaphedwa ku Soweto mu 1976. Ndi tsiku lolemera, ndipo n'koyenera kutero. Koma mmene timalichitira, mwambo umakachitikira pabwalo limodzi m'boma limodzi, ana n'kufola, kunena ndakatulo yoloweza yokhudza maufulu awo, akuluakulu n'kulankhula motsatana ali pamthunzi. Ana ena onse m'dziko muno amangomva pawailesi kuti linali tsiku lawo. A ku Mozambique nalonso amalikumbukira, koma iwo amakhala atayamba ndi phwando pa 1, n'kudzatsiriza ndi zolankhula pa 16. Ife timangotenga zolankhulazo.

Ndiye pali 6 Julayi. Amene tinakula kale timakumbukira magule ndi mpira, ndipo mpaka pano chikondwerero chake chimakhala cha kubwalo lalikulu. Ine mwana wamng'ono sindingapite naye. Mu 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe anthu 8 anafa poponderezana pachipata, 7 mwa iwo anali ana, atapita kukaonera mpira wa Bullets ndi Silver. Kuyambira pamenepo 6 Julayi kwathu ndi tsiku lochapa mabulangete. Onjezani kuti Juni ndi Julayi ndi teremu yachitatu, aliyense ali pamayeso, mkulu wake akulemba a Maneb, m'nyumba akuti musasokose. Holide yaikulu ikamafika chisanu chimakhala chikulongedza, kwatsala fumbi la mu Ogasiti.

A ku Zambia alibe phwando la ana ngati la pa 1 Juni, koma ali ndi chinthu chimene kholo limasowa kwambiri: nthawi. Lolemba loyamba la Julayi ndi Heroes' Day, Lachiwiri lake ndi Unity Day, ndiye kuphatikiza Loweruka ndi Lamulungu amapuma masiku anayi otsatana. M'masiku omwewo ku Ndola kumakhala chionetsero chachikulu cha zamalonda, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti ku Lusaka kumakhala cha zaulimi, chimene chimathera pa Farmers' Day. Ana a m'tauni amakaona ng'ombe zazikulu ngati nyumba, kukwera zozungulira, kupentedwa kumaso, kubwerako ndi chibaluni. Ku Tanzania nakonso ali ndi zofanana, ndipo mayina ake mwana sangaiwale: Sabasaba pa 7 Julayi, Nanenane pa 8 Ogasiti.

Koma alamu anga a ku Chipata amaseka ndikawafunsa za zionetserozo. Lusaka ndi ulendo wa pafupifupi tsiku lonse pa basi, Ndola ndiye kutali kuposa apo, ana anayi ungawalipirire ndi chiyani? Iwo amangowanyamula Loweruka kupita nawo kumudzi cha ku Katete, kukabwera Lachiwiri madzulo. Kumeneko ntchito ndi kukumba kandolo, amene ife timati mbatata, kuotcha chinangwa ndi kukazinga nshawa pambaula, anyamata kutsatira amalume awo kokumba mbewa. Palibe chachilendo kwa Mmalawi pamenepa. Kusiyana kwake n'kwakuti bambo amakhalapo masiku onse anayi, osathamangira kuntchito, ndipo ana amadziwa kuti Julayi aliyense ulendo ulipo.

Za ku Joni ndinena mwachidule, poti zambiri zimafuna ndalama. Sukulu amatsekera pafupifupi masabata atatu pakati penipeni pa chisanu, ndipo chisanu chake si chamasewera: pa 10 Julayi 2023 mu Johannesburg munagwa sinowo, koyamba chichokere 2012, mchemwali wanga n'kutumiza kanema ana ake akutola ndi manja opanda magolovesi, akukuwa m'Chizulu. Kumeneko ali ndi kamwambo kosekesa kotchedwa Christmas in July. Poti Disembala kumatentha, amati tiyeni tidyenso Khirisimasi ina nthawi yozizira ngati ya Azungu a kumpoto. Kwenikweni ndi malonda a mahotela ndi malesitilanti. Pa 16 Juni, imene kwawoko ndi holide, akuluakulu ena amavala yunifolomu ya sukulu, ana n'kumafa ndi phwete kuona mayi awo m'kasiketi ndi masokosi oyera. Pa 18 Julayi, tsiku lobadwa Nelson Mandela, anthu amapereka mphindi 67 kuthandiza ena, ndipo ambiri amagawa supu ndi mabulangete.

Kwa Mmalawi wogwira ntchito m'nyumba za eni, holide imeneyi ndi mutu wopweteka. Ana amatsala m'chipinda chimodzi, chitseko chokhoma, TV kutsogolo. Komabe mchemwali wanga anaba kamwambo kaja. Lamulungu lina la mu Julayi amatulutsa zipewa zofiira zotsala mu Disembala, kuphika mpunga ndi nkhuku, kukulunga masokosi atsopano m'nyuzipepala ngati mphatso. Masokosiwo akanagula ndithu, koma atakulungidwa amasanduka china. Ndinaseka nditaona, kenako ndinaganiza kuti mwana safunsa ngati tsiku lili pakalendala ya boma.

Mukafunsa amene akuchita bwino, ine ndikuti Mozambique, ngakhale ndi chilema chake chija. Koma chondiwawa n'chakuti ife tili ndi zipangizo zonse kuposa onsewa. Juni ndi Julayi ndi nthawi imene nkhokwe zili ndi kanthu. Mbatata ili mbwee, nzimbe zatsekemera, manachesi a ku Mwanza ali m'misika, mtedza wangokumbidwa kumene, mapesi ali m'minda. Ndipo mwambo tinali nawo kale: masanje. Akatha kukolola, ana ankakunkha zotsalira m'munda, kumanga timisasa ta mapesi, kusankhana uyu bambo, uyu mayi, uyu mfumu, uyu fisi, n'kuphika zenizeni. Sitinaupatse tsiku, ndiye unangozilala.

Chaka chatha tinayesa pamzere wathu wa nyumba zisanu. Tinasankha 6 Julayi yomweyo, poti aliyense amakhala pakhomo. Lamulo loyamba tinalitenga pa dandaulo la azakhali: palibe mwana wobwera ndi kontena yake. Nyumba iliyonse inapereka chimene inali nacho dzulo lake, iyi ufa, iyi mbatata, iyi nsinjiro, iyi nyemba, ina nkhuni ndi mchere, zonse n'kuthira pamodzi kuti asadziwike mwini. Lamulo lachiwiri, akuluakulu ndi alendo. Mayi mmodzi yekha ndiye anakhala pafupi kuyang'anira moto, ndipo mafuwa tinawaika patali ndi misasa, chifukwa mapesi ouma ndi mphepo ya mu Julayi sizichedwa kugwirizana. Pomwepa ndinenenso za mbaula: musalowe nayo m'nyumba n'kutseka mawindo kuti ana afunde. Mpweya wa makala sununkha, umangogoneka anthu osadzukanso.

Anyamata anayamba 7 koloko kudula mapesi. Pofika 10 koloko panali timisasa tinayi topendekeka, kamodzi kanagwa kawiri. Atsikana anatereka futali. Amene sanapeze ntchito anapanga makaiti a majumbo ndi timabango, ulusi wake wosolola m'thumba la feteleza, ena mpikisano wa galimoto zamawaya kuzungulira chulu. Fulaye inabuka yokha, palibe anaikonza. Madzulo tinakoleza moto umodzi waukulu panja, mbatata m'phulusa, agogo a nyumba yakumapeto n'kuyamba, "Padangokhala!" Ana a masiku ano ena sankadziwa n'koyankha komwe, mpaka anachita kuuzidwa kuti nenani "Tili tonse." Pa zilapi ndiye panavuta. "Nyumba ya amayi yopanda khomo," wina anayankha kuti kontena ya Airtel Money ikatsekedwa.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi nkhomaliro. Atatiitana, tinapita mwaulemu wake, agogo patsogolo ndi ndodo yawo. Anaima pakhomo la msasa wofika m'chiuno mwawo n'kuwomba m'manja.

"Odi kuno eni nyumba!"

Mwana wanga wa zaka 6, atavala jekete la bambo ake lofika m'maondo, anatuluka chokwawa, n'kukhosomola kaye ngati munthu wamkulu.

"Lowani agogo, koma mwapeza zinthu zavuta, ndiwo ndi nyemba."

Nsima inali yamadzi kunja, pakati ufa wouma. Nyemba zinali zolimba ngati miyala, mchere wake wa anthu khumi. Agogo anasamba m'manja, anadya mbamu zitatu nkhope ili gwa, n'kufunsa kuti, "Kodi amayi a pakhomo pano anakaphunzira kuti kuphika chonchi? Mundisungireko mkute." Kamtsikana kophikako kanathawira kuseri kwa msasa ndi manyazi achimwemwe, kakukoka nsalu imene inkangomasuka.

Zithunzi nditatumiza pagulu lija, kamdzukulu ka azakhali ku Ulongwe kanalanda foni n'kutumiza mawu, kakufunsa kuti Um de Junho wa ku Malawi amachitiranji mu Julayi, ndipo ngati chaka chino angabwere, abwere ndi mbale yake kapena apeza konko.