Digiri payokha siphunzitsa mwana wa munthu

Lero ndakwiya ndithu. Ndinakhala kumbuyo m'kalasi ya ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite, akuphunzitsa mnzathu wina amene akuchita PhD, digiri ya pamwamba ya kafukufuku. Mutu wake ndi wakuthwa, pa kafukufuku sitimufika. Koma ola lonse wangowerenga zimene analemba pa kompyuta, nkhope ku bolodi, ana akungoona nkhongo. Mtsikana wina atakweza dzanja kufunsa, iye anangoti zimenezo n'zosavuta, akawerenge yekha. Palibenso amene anakweza dzanja mpaka kutuluka.

Abale, kudziwa phunziro ndi kwina, kuliphunzitsa ndi kwinanso. Ungakhoze mayeso onse, ungalembe mapepala a kafukufuku mpaka dzina kumveka, koma ngati sutha kutenga zomwe zili m'mutu mwako n'kuziika m'mutu mwa wina, uphunzitsi ulibe. Tonse amene tikuchita madigiri a kafukufukufe tikufuna kudzakhala malekichala, nanga bwanji kuphunzitsako timakuona ngati chintchito chotitayitsa nthawi? Ena mpaka amanyadira kuti theka la kalasi yawo lalephera. Manyazi mulibe? Walephera ndi iweyo!

Zoti otiyang'anira pa kafukufuku amangofuna mapepala ndipo nthawi imachepa, tikuzidziwa, tisataye nazo nthawi.

Chondipweteka n'choti luso limeneli limaphunzirika, ndipo njira zake si zachilendo. Ku yunivesite ya Stanford ku America anayamba kale mu 1963: umaphunzitsa kwa mphindi zochepa pamaso pa kagulu, amakujambula, umadzionera wekha, anzako amakuuza pomwe wapunduka, kenako umabwereza. Lero foni tili nayo m'thumba tonse. Chikutikanika n'chiyani? Mary Budd Rowe, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi akafunsa funso amangodikira pafupifupi sekondi imodzi, n'kudziyankha yekha kapena kulozera wina. Akadikira masekondi 3 okha, mayankho amatalika ndipo ngakhale ofatsa aja amayamba kulankhula. Masekondi 3! Zimenezi zikufuna digiri ina?

Mu 2014 wofufuza wina dzina lake Scott Freeman ndi anzake anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Kumene mphunzitsi amangolankhula yekha, olephera anali pafupifupi 34 pa 100 alionse. Kumene ophunzira amakambirana ndi kuyesa okha, anali pafupifupi 22. Ndiye wina adziti "ana a masiku ano ndi aulesi." Ayi, akulu, vuto ndi kaphunzitsidwe kanu.

M'mera mpoyamba. Ukazolowera kuwerengera anthu manotsi uli wophunzira, udzawerengera anthu manotsi uli pulofesa, imvi zili mbuu. Pita ukakhale m'kalasi ya mphunzitsi amene ana amamukonda, uone mmene amafunsira, mmene amachitira wina akayankha zolakwika. Pempha mnzako adzakuonere, akuuze zoona. Usanalowe m'kalasi dzifunse kuti anawa akamatuluka azitha kuchita chiyani chimene samatha polowa. Ngati yankho ulibe, sunakonzeke, ngakhale utanyamula masamba 60.

Ndiye pali za kuchonga. Munthu walemba masamba asanu, wagona mochedwa, iwe n'kungokhwatcha ndi cholembera chofiira, kulemba malikisi 42, osaikapo ngakhale liwu limodzi lomuuza pomwe wasokonekera. Akabwera kudzafunsa ukuti uli ndi zochita zambiri. Aphunzirapo chiyani pa 42 ameneyo?