Amene mumakhala pa ziliza ku Cape Maclear, tamverani

Inu amene mumapita ku Cape Maclear kukaona manda a amishoni aja, kodi ndani anakuuzani kuti chiliza ndi benchi? Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, kufika n'kukhala pamwamba pa manda, botolo la zakumwa m'manja, mnzake akumujambula kuti akaponye pa Facebook. Akachoka, botolo latsala pomwepo. Wina amafika potola kamwala n'kukanda dzina lake pambali pa dzina la malemu. Kumudzi kwanu mungayerekeze kulowa kumasano popanda chilolezo cha amfumu? Mbuzi mungalipe.

Mandawa si a dzulo. Mishoni ya Livingstonia inayambira pamenepa mu 1875, ndipo malungo atawapulula, Robert Laws ndi anzake anasamukira ku Bandawe mu 1881. Anasiya anzawo m'nthaka, mmodzi mwa iwo ndi dokotala William Black amene anamwalira mu 1877. Kaya amishoniwo mumawakonda kaya ayi, zimenezo n'zanu, koma mbiri ya sukulu ndi zipatala za kumpoto imadutsa pamiyala imeneyi.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi "okonza" aja. Aona zilembo zadetsedwa ndi ndere, basi burashi yawaya, kupala mwamphamvu ngati akutsuka mphika wopserera. Mwala wakale khungu lake limafewa, ukalipala zilembo zimapita nalo limodzi. Ena amamata simenti m'ming'alu, chinyezi n'kutsekeredwa m'kati, mwala n'kuyamba kufumbutuka. Madzi oyera ndi kaburashi kofewa n'zokwanira, abale. Ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, musamati simunamve.