Umphawi sungoyezedwa ndi za m'thumba

Azakhali anga amagulitsa tomato ndi repu pa Soweto Market mu Lusaka. Malonda akayenda, amabwera ndi ndalama yopitirira malire a umphawi omwe a World Bank anaika. Papepala ndiye kuti si osauka. Koma pitani mukawaone ku komboni ya Kanyama mvula ikagwa, madzi atasefukira m'zimbudzi n'kulowa mpaka pakhomo, mudzandiuze.

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi kayezedwe ka umphawi komwe a UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anayambitsa mu 2010. Safunsa kuti mwapeza zingati. Amayang'ana zinthu 10 pa thanzi, maphunziro ndi kakhalidwe ka pakhomo: kodi ana akudya mokwanira, kodi pakhomopo panamwalirapo mwana, kodi ana akupita kusukulu, mumaphikira chiyani, madzi mumatunga kuti. Kuphikira malasha pa mbaula amakuwerengera ngati kusowa. Chimbudzi chogawana ndi mabanja ena, chimodzimodzi. Madzi ngati mumatha mphindi 30 popita ndi pobwera, nawonso. Zosowazo zikakwana gawo limodzi mwa magawo atatu, banjalo ndi losauka. Ine ndimaona kuti apa anatiyandikira ndithu.

Koma sindingabise, pali pomwe pamandiwawa. Magetsi amangofunsa ngati alipo panyumba. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, chifukwa cha chilala, ambiri tinali ndi waya pakhoma koma tikugona mumdima, firiji itasanduka kabati, wometa tsitsi atangokhala osagwira ntchito. Sukulunso amafunsa ngati mwana akupita. Inde, kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere ndipo ana anadzaza m'makalasi, zomwe ndi zabwino kwambiri. Koma mwana wokhala pansi kumbuyo kwa kalasi yodzaza, osamva zomwe aphunzitsi akunena, amamuwerengera kuti zake zili bwino.

A ZamStats, bungwe la boma loona za chiwerengero, anapeza kuti mu 2022 anthu 60 mwa 100 alionse mu Zambia anali osauka, ndipo ambiri ali kumidzi. Sindikutsutsa. Koma kolera itavuta mu Januwale 2024, bwalo la masewera la Heroes Stadium n'kusanduka chipatala, odwala ambiri ankachokera m'makomboni athu omwewa, m'nyumba zomwe zili ndi TV ndi foni.

Azakhali amathira klorini m'madzi tsiku lililonse. Chimbudzi chija akugawanabe ndi mabanja asanu, ndipo mvula yatsala pang'ono kuyamba.